Mwana wosakhazikika: kuzindikira ndi kuthandiza vuto la ADHD

Pafupifupi m'kalasi iliyonse ya pulaimale mumakhala mwana amene dzina lake limatchulidwa kawirikawiri kuposa la wina aliyense. Sakhala pansi, amayankha funso lisanathe, kope lake limasowa sabata ndi sabata, ndipo akatumidwa kuchigayo amakathera kubwalo la mpira, thumba la chimanga lili poteropo. Kumudzi mwana wotere ali ndi maina ambiri: wosamva, wankhutukumve, wojijirika, wopanda mwambo. Ambiri mwa ana amenewa n'chibwana chabe, adzakhazikika akamasinkhuka. Koma ena ali ndi vuto la kakulidwe ka ubongo limene madokotala amalitcha pa Chingerezi kuti attention deficit hyperactivity disorder, mwachidule ADHD. M'Chichewa mulibe liwu limodzi lolitchulira. Ndi vuto la kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kusakhazikika ndi kuchita zinthu mwaphuma.

Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amasonyeza kuti ana pafupifupi 5 mwa 100 alionse ali ndi vutoli, ndipo limapezeka kwambiri mwa anyamata kusiyana ndi atsikana. Tikapita ndi chiwerengerochi kusukulu za ku Mponela, ku Madisi kapena kwa Malomo, kumene kalasi ya ana 100 si yachilendo chiyambire maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, ndiye kuti mphunzitsi mmodzi akhoza kukhala ndi ana asanu otere patsogolo pake. Ngozi zake n'ziwiri. Yoyamba ndi kulanga mwana pa chinthu chimene sangathe kuchiletsa payekha. Yachiwiri, imene yayamba kuoneka m'tauni, ndi kutcha mwana aliyense wovuta kuti ali ndi ADHD, pamene chikumuvuta ndi njala, khutu, khunyu kapena mantha.

Vutoli si lachilendo kwa azaumoyo. Mu 1798 dokotala wa ku Scotland, Alexander Crichton, adalemba za anthu amene maganizo awo salimba pa chinthu chimodzi. Mu 1902 dokotala wa ana George Still adakamba pamaso pa madokotala anzake ku London za ana anzeru zabwinobwino koma olephera kudzigwira. Dzina lakuti ADHD lidakhazikika mu 1987 m'buku la madokotala a matenda a maganizo a ku America, ndipo likupezekanso m'ndandanda wa matenda wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO umene udayamba kugwira ntchito mu Januwale 2022.

Mmene limaonekera

Zizindikiro zili m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la kusatchera khutu: mwana amaoneka ngati sakumva pamene mukulankhula naye, amayamba ntchito n'kuisiyira panjira, amalakwitsa zinthu zimene akuzidziwa bwino, amataya zolembera ndi makope, amaiwala zimene wamutuma, ndipo kamphepo kalikonse kamamuchotsa pa zimene akuchita. Gulu lachiwiri ndi la kujijirika ndi phuma: kutakataka pamene ena akhala chete, kudzuka pampando m'kalasi kapena m'tchalitchi, kukwera paliponse, kulongolola, kudula ena mawu, kulephera kudikira pamzere wa phala.

Mwana akhoza kukhala ndi zizindikiro za gulu limodzi lokha kapena za magulu onse awiri. Wojijirika amadziwika msanga chifukwa amasokoneza ena. Amene amaphonyedwa ndi mwana wa gulu loyamba, kawirikawiri mtsikana, amene amakhala phee kumbuyo kwa kalasi maso ali pabolodi koma maganizo ali kwina. Iye savutitsa munthu, choncho palibe amamulabadira kufikira atabwereza Sitandade 3 kawiri, anthu n'kumangoti mutu wake sugwira.

Makolo ambiri amatsutsa ponena kuti mwana wawo amatha tsiku lonse akupanga galimoto ya mawaya, kapena amaonera filimu osaphethira, ndiye sangakhale ndi vuto la kuika maganizo pamodzi. Zimenezi sizitsutsana ndi ADHD. Chimene chimamukanika mwanayo ndi kudzikakamiza kukhala pa ntchito yosamusangalatsa, imene phindu lake lili kutali. Ntchito yomukoka mtima amaigwira mpaka kuiwala nsima.

Gwero lake

Mbali yaikulu ndi yakumtundu. Akatswiri ofufuza ana amapasa adapeza kuti chibadwa chimatenga gawo loposa 70 pa 100 pa kusiyana kwa ana pa vutoli, n'chifukwa chake si zachilendo kumva agogo akunena kuti bambo ake kapena malume ake adalinso choncho. Muubongo, mbali zimene zimathandiza munthu kudziletsa, kukonza zochita ndi kudikira zimakhwima mochedwerako, ndipo makemikolo otumiza uthenga pakati pa minyewa, makamaka dopamine ndi noradrenaline, sagwira ntchito mofanana ndi mwa ana ena.

Pali zinanso zimene zimakweza chiopsezo: kubadwa masiku asanakwane, kubadwa ndi sikelo yotsika kwambiri, mayi kumwa mowa ali woyembekezera, kuvulala m'mutu, ndi mtovu umene umapezeka mu penti wina ndi m'mabatire a galimoto. Choyambacho chikutikhudza kwambiri. Lipoti la 2012 lotchedwa Born Too Soon lidaika Malawi pamwamba pa maiko onse, ndi ana 18 mwa 100 obadwa nthawi isanakwane.

Ndiye pali malungo a muubongo, amene mabuku a ku Ulaya sawatchula kawirikawiri koma kuno ndi nkhani ya pakhomo. Kafukufuku amene adachitikira pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, motsogoleredwa ndi Gretchen Birbeck ndipo adasindikizidwa mu 2010, adatsatira ana 132 amene adachira ku malungo a muubongo. Pafupifupi mmodzi mwa atatu adatsala ndi vuto: ena khunyu, ena kulumala kapena kuvutika kulankhula, ena kusintha khalidwe kofanana ndi ADHD. Kwa anthu a ku Ntchisi, limodzi mwa maboma 11 amene katemera wa malungo adayambira mu 2019, ndi a kuzigwa za Dowa zotsikira ku Salima, tanthauzo lake n'lomveka. Ngati mwana adali wofatsa, n'kudwala malungo okomoka nawo, pochira n'kukhala waukali ndi wosagwirika, mbiri imeneyo ndi yoyamba kuuza dokotala.

Shuga sayambitsa ADHD. Adamufufuza kangapo osapeza umboni. Kulera molekerera sikuyambitsanso, ngakhale kuti phokoso ndi ndewu za pakhomo zimakulitsa zizindikiro. Foni ndi wailesi yakanema zimaba tulo ta mwana ndi kumuzoloweza zinthu zothamanga, koma vutoli lidalipo izo zisanabwere.

Kupima kwake

Palibe kuyeza magazi kapena kujambula mutu kumene kungaonetse ADHD. Dokotala amadalira mbiri ya mwana, zimene makolo ndi aphunzitsi akuona, ndi kumupima thupi. Malamulo amene madokotala ambiri amatsata, a m'buku la DSM-5 la 2013, ali ndi zizindikiro 9 m'gulu lililonse, ndipo mwana ayenera kukhala ndi 6 kapena kuposerapo m'gulu limodzi. Zizindikirozo zikhale zatha miyezi 6, zina zidayamba mwana asanakwane zaka 12, zikuoneka m'malo awiri kapena kuposerapo, monga kunyumba ndi kusukulu, ndipo zikumuonongeradi maphunziro kapena ubale ndi anzake. Zikhalenso zopyola zimene zimayembekezereka pa msinkhu wake. Mwana wa zaka zitatu wothamangathamanga pabwalo akuchita zoyenera msinkhu wake.

Lamulo la malo awiri ndi lofunika kuposa mmene limaonekera. Mwana amene amavuta kusukulu kokha, kunyumba ali bwinobwino, mwina vuto lili m'kalasimo: sakuona pabolodi, ena akumuzunza, kapena phunziro lidamusiya kalekale. Amene amavuta kunyumba kokha, funso lipite pakhomopo. Pofuna kumva mbali zonse, azaumoyo amagwiritsa ntchito mapepala a mafunso oyankhidwa ndi kholo komanso mphunzitsi, monga la mafunso 25 limene Robert Goodman adakonza mu 1997, lodziwika kuti SDQ. Pepala lotere limangolozera. Silipereka chigamulo palokha.

Zimene zimafanana ndi ADHD

Apa ndi pamene ntchito yeniyeni ili, makamaka kumidzi ya kumapiri a Dowa ndi Ntchisi. Mwana amene wadzuka mbandakucha, wayenda mitunda kukwera ndi kutsika zitunda, m'mimba mulibe kanthu, sangatchere khutu pa masamu. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zauma, theka la kalasi likhoza kuoneka ngati lili ndi vutoli. Kuchepa kwa magazi ndi njoka za m'mimba zimafooketsa mwana chimodzimodzi. Nyengo ya fodya, mwana amene amasoka masamba mpaka usiku amafika m'kalasi ndi tulo, ndipo mwana wosowa tulo nthawi zambiri sasinza ayi, amajijirika.

Khutu lotuluka mafinya, limene makolo ena amalizolowera ngati chinthu wamba, limagonthetsa pang'onopang'ono, ndipo mwana wosamva bwino amatchedwa wosamva m'tanthauzo linalo. Maso osaona patali amachita zomwezo kwa mwana wokhala kumbuyo.

Khunyu liyenera kutchulidwa mwapadera pa zifukwa ziwiri. Pali mtundu wake umene sugwetsa munthu: mwana amangoti duu kwa kamphindi kochepa, maso ali gwa, osayankha ngakhale mutamugwedeza, kenaka n'kupitiriza ngati palibe chachitika, ndipo zimenezi zikhoza kuchitika kambirimbiri pa tsiku. Mwana wa ADHD amene maganizo ake apita kwina amadzidzimuka mukamukhudza paphewa. Wa khunyu lotere sadzidzimuka. Chachiwiri, mankhwala a phenobarbital, amene amaperekedwa kwambiri kwa odwala khunyu m'zipatala za kumidzi, amadziwika kuti amachititsa ana ena kujijirika ndi kukwiya msanga. Kholo likaona zotere lisasiyitse mwana mankhwala palokha, pakuti kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa kukomoka koopsa; libwerere kuchipatala kukafotokoza kuti aone ngati angasinthe.

Palinso mabala a mumtima. Mwana amene wamwalirira mayi, amene akugwiriridwa, kapena amene amaona bambo akumenya mayi usiku ndi usiku, amakhala wodzidzimukadzidzimuka ndi wosakhazikika. Kumsasa wa Dzaleka, umene udatsegulidwa mu 1994 ndipo ukusunga anthu oposa 50,000 othawa kwawo ku Congo, Burundi, Rwanda ndi maiko ena, kuli ana amene adaona nkhondo ndi maso awo. Kuwapima popanda kufunsa zimene adadutsamo ndi kulakwitsa. Pomaliza, msinkhu: m'maiko ambiri zapezeka kuti ana ang'onoang'ono kwambiri m'kalasi ndi amene amatchedwa a ADHD kawirikawiri, pamene angochepa miyezi. Kwathu kuno, kumene mwana wa zaka 6 amakhala mkeka umodzi ndi wa zaka 9 mu Sitandade 1, mpata wolakwitsa ndi waukulu.

Zina mwa zimenezi zimatha kukhalira limodzi ndi ADHD. Ana ambiri a vutoli amavutikanso kuwerenga, amakhala ndi nkhawa kapena makani opyola muyeso, ndipo chilichonse chimafuna chithandizo chakechake.

Kopita

Poyambira ndi kwa mphunzitsi wa kalasi ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera, kenaka kuchipatala chaching'ono. Kumeneko akhoza kuona magazi, makutu ndi sikelo, n'kutumiza mwana kuchipatala chachikulu cha boma la Dowa kapena la Ntchisi, kumene kumakhala ogwira ntchito ophunzira za matenda a maganizo. Zipatala za mishoni monga Madisi, Mvera ndi Mtengowanthenga nazo zimatha kupima thupi ndi kulemba kalata yotumizira. Zikafuna katswiri, njira imaloza ku Lilongwe, ku Kamuzu Central kapena ku St John of God, bungwe limene lilinso ndi malo othandizira ana ku Mzuzu. Madokotala a matenda a maganizo m'dziko muno ndi owerengeka, koma WHO idakonza buku la mhGAP mu 2010, n'kulikonzanso mu 2016, lothandiza anamwino ndi madokotala wamba kuzindikira mavuto otere.

Popita, tengani kabuku ka kuchipatala ka mwanayo, makope ake, ndi kalata yaifupi ya mphunzitsi yofotokoza zimene amaona. Apite munthu amene amakhala ndi mwanayo tsiku ndi tsiku ndipo akudziwa za kubadwa kwake, ngakhale atakhala agogo, osati wachibale wa m'tauni amene wangolipira thiransipoti.

Mabanja ambiri amayamba apita kwa sing'anga kapena kumapemphero. Kupempherera mwana sikuletsa kupita naye kuchipatala. Koma kumutema mphini, kumumanga, kumusalitsa chakudya kapena kumuuza pagulu kuti ali ndi ziwanda kumamusiyira bala limene limaposa vuto loyambalo.

Chithandizo cha pakhomo ndi m'kalasi

Malangizo a WHO amaika patsogolo kuphunzitsa makolo ndi aphunzitsi njira zoyendetsera khalidwe la mwana, ndipo kwa ana osakwana zaka 6 imeneyi ndiyo njira yoyenera kuyambira. Ubwino wake sifuna ndalama. Kuvuta kwake imafuna kupirira kwa miyezi.

Lamulo likhale limodzi pa nthawi imodzi. "Katunge madzi, utsuke mbale, ukatsekere mbuzi" ndi ntchito zitatu, ndipo mwana wa ADHD amagwira yoyamba kapena yomaliza. M'mabuku a kunja amati mwana akuyang'aneni m'maso polankhula naye, koma mwana woleredwa pa Chichewa adaphunzitsidwa kuti kutero n'chipongwe; ndi bwino kumuyandikira, kumutchula dzina, kumugwira paphewa ndi kumuuza abwereze zimene mwanena. Kufuula muli kukhitchini iye ali kuseri kwa nyumba n'kutaya mawu.

Chovuta kwa makolo ambiri ndi kuyamikira. Timaopa kuti mwana woyamikiridwa amayerekedwa, choncho timakhala chete akachita bwino, n'kulankhula akalakwa. Mwana wa ADHD amamva zodzudzula kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mapeto ake amakhulupirira kuti ndi woipa ndipo amaleka kuyesa. Chiyamiko chibwere nthawi yomweyo ndipo chitchule chimene wachita. Njira ina yophweka ndi kuponya nyemba m'botolo nthawi iliyonse akamaliza ntchito imene mudagwirizana. Zikakwana khumi alandire kanthu kakang'ono, monga kusankha ndiwo kapena kupita nanu kumsika. Akalakwa, chilango chikhale chachifupi, cha nthawi yomweyo ndi chodziwikiratu, monga kusiya masewera kwa mphindi zochepa. Mkwapulo umamukhazika chete kwa ola limodzi, koma suphunzitsa ubongo kudikira, ndipo umaonjezera ukali ndi bodza.

Onse olera mwanayo amvane chimodzi, mayi, bambo, agogo ndi amalume, pakuti lamulo losintha ndi munthu silimugwira. Nthawi yodzuka, yodya ndi yogona ikhale yokhazikika; mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12. Mphamvu zake zipatsidwe kopita: mpira, kuthirira kudimba, kupalasa njinga. Ndipo maso akhale pa iye pafupi ndi moto, zitsime, mitsinje yodzaza m'dzinja ndi msewu wa M1, chifukwa ana a vutoli amavulala kawirikawiri kuposa anzawo.

M'kalasi ya ana ochuluka mphunzitsi sangachite zonse, koma zochepa zimatheka. Mwanayo akhale kutsogolo, kutali ndi khomo ndi zenera. Ntchito yaitali idulidwe: masamu atatu, aonetse, kenaka ena atatu. Apatsidwe zifukwa zololedwa zodzukira, monga kufufuta bolodi kapena kugawa mabuku. Kumumana nthawi yopuma ngati chilango kumabwezera vuto kwa mphunzitsi yemweyo ola lotsatira. Mzere umodzi wolembedwa kumapeto kwa kope tsiku lililonse, wonena chimene chayenda ndi chimene sichinayende, umalumikiza sukulu ndi nyumba. M'zoni zina muli aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera, ambiri ophunzitsidwa kukoleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndipo mphunzitsi wamkulu akhoza kulozera kumene ali.

Mankhwala

Mu 1937 Charles Bradley, dokotala wa ku Rhode Island m'dziko la America, adadabwa kuona kuti mankhwala ochangamutsa ubongo ankakhazika pansi ana ojijirika. Lero odziwika kwambiri ndi methylphenidate, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Ritalin, ndipo adapangidwa koyamba ku Switzerland mu 1944. Sagonetsa mwana, amalimbikitsa mbali za ubongo zodziletsa. Ana pafupifupi 7 mwa 10 amasintha moonekeratu. Mapiritsi wamba amayamba kugwira ntchito ola lisanathe ndipo mphamvu yake imatha pakapita maola ngati anayi. Alipo ena okhalitsa tsiku lonse la sukulu. Sachiza: mphamvu ikatha zizindikiro zimabwerera.

Ali ndi zovuta zake: kusafuna kudya, kusowa tulo, mutu, m'mimba, kukwera pang'ono kwa kuthamanga kwa mtima ndi magazi, ndi kuchedwetsako kukula. M'dziko limene kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, mankhwala ochotsa chilakolako cha chakudya si oseweretsa. Sikelo ndi msinkhu ziyenera kuyezedwa pafupipafupi. Dokotala amafunsanso za matenda a mtima kumtundu ndi za khunyu asanalembe. Buku la mhGAP limati aperekedwe kwa ana a zaka 6 kupita m'tsogolo, njira zina zitayesedwa, ndiponso moyang'aniridwa ndi katswiri.

Kupezeka kwake n'kovuta. Methylphenidate ali m'gulu la mankhwala olondoloza mwapadera pansi pa pangano la United Nations la 1971, ndipo mu 2019 ndi 2021 WHO idakana kuwaika pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira kwambiri, ponena kuti umboni wa ubwino ndi kuipa kwake pa nthawi yaitali sudali wokwanira. Si mankhwala amene mungayembekezere kuwapeza pazenera la chipatala chaching'ono. Ena otchedwa atomoxetine sali m'gulu lochangamutsa, ndipo amatenga masabata angapo kuti ayambe kuoneka ntchito yake. Mapiritsi otumizidwa ndi achibale a ku Joni popanda kalata ya dokotala, kapena otsala kwa mwana wa mnzanu, ndi oopsa. Choopsanso ndi chizolowezi chopatsa mwana Piriton kapena mankhwala ogonetsa kuti pakhomo pakhale bata. Sathandiza ADHD, ndipo ana ena amawajijiritsa kwambiri.

Akamakula

Kujijirika kumachepa mwana akamalowa m'chinyamata, koma kuiwala ndi phuma zimatsalira mwa ambiri mpaka ukulu. Zaka zoopsa ndi za kumapeto kwa pulaimale ndi kuyamba sekondale, pamene mwana amene watopa ndi kulephera amakopeka kusiya sukulu, kulawa mowa ndi chamba, kapena kulowa m'banja msanga. Amene wasankhidwa kupita kusukulu yogonera komweko, monga Robert Blake ku Kongwe, amataya mwadzidzidzi mayi amene ankamukumbutsa chilichonse, choncho ndi bwino kholo likaonane ndi mphunzitsi woyang'anira kogona sabata yoyamba, limufotokozere njira zimene zakhala zikuthandiza kunyumba. Ngati mwanayo ali pa mankhwala, agwirizane amene aziwasunga ndi kumupatsa, popeza mapiritsi amenewa sayenera kukhala m'sutikesi ya mwana m'chipinda chogona anthu ambiri.